Katundu wa m'galaja mwa madamu: pulaimasi yandithyola nsidze koma nsinjiro ndapeza

Mwezi wathawu madamu amene ndimawagwirira Lachiwiri ndi Lachisanu ku Kensington kuno ku Joni agulitsa nyumba, akukakhala kumalo osungirako okalamba pafupi ndi mwana wawo, nde tinatha masiku atatu tikungotulutsa katundu m'galaja. Abale azungu amasunga zinthu. Mabokosi ena anamatidwa ine ndisanabadwe, nyuzipepala zokulungira makapu zinali za 1983, ndinawerenga ndekha deti. Nde panali bokosi lina lolemera, madamu anangosuzumiramo n'kuseka, akuti izi zinali za mayi anga, ku Queen Street kuja amagulitsa ngati zokongoletsera m'nyumba koma ine mphamvu yopita nazo ndilibe, ukafuna tenga. Ine kukana katundu waulere sindinaphunzire kkkk. Ndinakwera nalo takisi mpaka m'tauni, kenako ina ya ku Rosettenville, bokosi lili pamiyendo, mayi wina amene ndinakhala naye pafupi akungondiyang'ana cham'mbali chifukwa limanunkha palafini wakalekale.

Kufika kunyumba bambo a Tadala akuti mwayamba kutola zitsulo kodi amake Tadala, tigule tilole muziyenda nayo m'misewumu? Ndinangowasiya.

Munali chomenyera mazira chopukusa ndi dzanja, poto wa presha wa aluminiyamu, chitsulo chowotchera buledi chija kuno amati jaffle, chopukusira nyama cholembedwa Spong pambali pake, ndiye pansi penipeni, yokulungidwa m'thaulo long'ambika, pulaimasi, sitovu ya palafini yopopa ija. Ya mkuwa, miyendo itatu, yolembedwa Primus, Made in Sweden.

Pamenepo ndinakhala kaye pansi.

Kwathu ku Balaka agogo aamuna anali nayo yotere ndendende. Anabwera nayo kuchokera kuno ku Joni komwe kuno, nthawi ya Wenela, ankagwira ntchito m'migodi ya golide ku Carletonville. Anabwerera mu 1972 ndi sutikesi yachitsulo, bulangete, wayilesi, njinga ndi pulaimasi imeneyo, ndipo sanabwererenso chifukwa mu 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha anthu opitirira 70, ambiri Amalawi obwerera kumudzi, Kamuzu n'kuletsa zotenga anthu. Ana a masiku ano akamati ndili pa Wenela ku Blantyre amangodziwa kuti ndi depoti ya mabasi basi, sadziwa kuti dzinalo ndi la kampani imene inkanyamula azigogo athu kudzawalowetsa pansi pa nthaka kuno. Ine ndikamadutsa pafupi ndi milu ya dothi lachikasu ija kummwera kwa tauni kuno ndimawakumbukira, koma tsiku limeneli ndinawakumbukira ndi mphuno, fungo lija.

Pulaimasi ya agogo sinali yophikira nsima. Nsima inali ya pamafuwa, kukhitchini ya utsi kuseri. Iyo inkakhala pamwamba pa kabati pabalaza, yopukutidwa ndi phulusa ndi ndimu mpaka kumadziona nkhope, ndipo inkatsika pokhapokha kukabwera alendo olemekezeka, abusa kapena apongozi, kuti tiyi awire pamaso pawo. Ana tinkaima pazenera. Mwana kuigwira inali mlandu. Nde taganizani, chinthu chimene kwathu chinali ulemerero wa munthu amene wadya zaka zake pansi pa mgodi, kuno chakhala m'galaja zaka makumi anayi n'kumatchedwa chokongoletsera. Sindikudandaula ayi, ndangonena.

Ndinaganiza kuti chilichonse ndichiyesa, chimodzichimodzi, wikendi iliyonse, ndione ngati akale ankavutika kapena ankanjoya.

Ndinayamba ndi chophweka, chomenyera mazira. Ndinachiviika mu viniga usiku wonse kuti dzimbiri lichoke, n'kudontheza mafuta ophikira pamagiya, chinayamba kuzungulira bwinobwino. Mazira chimamenya, sindinama, amachita thovu kuposa foloko. Koma ife timamenya mazira angati pa sabata? Ndinati ndichiyese pa phala kuti lisachite mibulu, phala linathovukira pakhoma mpaka pa yunifolomu ya Tadala imene inali pampando. Kamtengo kamphanda kaja amayi amapukusa m'manja kamagwira ntchito yomweyo popanda kuwaza nyumba yonse, ndiponso sikavuta kutsuka. Ichi ndiye chikakhale chokongoletsera, ndavomera.

Jaffle ndiye ana aikonda. Ndi timbale tiwiri tachitsulo tozungulira tolumikizana, tokhala ndi zigwiriro zazitali, umapaka majarini kunja kwa masilaisi awiri a buledi, pakati n'kuika chilichonse, kutseka, kudula makona otulukira, pamoto mphindi ziwiri mbali iyi ziwiri mbali inayo. Eni dziko amaika minsi ndi tchizi. Ife tinaika nyemba zotsala dzulo, tsiku lina usipa wa tomato, ndipo bambo a Tadala amene ankanyoza aja anadya zinayi ataimirira. Ayi iyi yakhala.

Poto wa presha ndi amene anandiphunzitsa kanthu. Chibwerereni kuno ndakhala ndikudandaula kuti nyemba za ku Joni sizipsa, umaziteleka mmawa mpaka masana zidakali gwa, mayuniti akungotha pa mita. Ndinkati mwina ndi mbewu yake, koma ngakhale zochokera kumudzi zimene amatitumizira pa basi zimachita chimodzimodzi. Mwana wa achimwene anga amene akuphunzira za sayansi ndi amene anandimasulira, akuti azakhali, Johannesburg ili pamwamba kwambiri, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndiye mpweya ndi wopepuka, madzi amawira asanatenthe mokwanira, cha m'ma 94 digiri m'malo mwa 100. Madzi akangoyamba kuwira satenthanso kuposa pamenepo ngakhale usonkhezere bwanji, amangophwa. Ku Balaka ndi kotsika, n'chifukwa chake kumatentha chonchija ndipo nyemba sizichedwa ngati kuno. Poto wa presha amatsekera nthunzi mkati, nde madzi amatha kutentha kupitirira 110 asanathawe, nyemba n'kugonja msanga. Akuti nzeru yake ndi yakalekale, Mfalansa wina dzina lake Denis Papin anapanga woyamba mu 1679. Zaka zonsezi ine ndikutukwana nyemba zosalakwa.

Koma kumuyesa kwake kunali kwa mantha. Labala wa pachivundikiro anali atauma ngati chikwapu, ndinayenda mashopu atatu ku Fordsburg ndi chivundikiro m'chikwama mpaka ndinapeza wolingana. Mwini shopu, mdala wachimwenye, anandichenjeza zinthu zitatu, akuti osadzaza kupitirira theka ukamaphika nyemba chifukwa zimachita thovu n'kutseka kabowo ka nthunzi, uzisuzumira kabowoko padzuwa uone kuwala usanateleke, ndipo osatsegula asanapole. Ndinateleka nyemba zoviika usiku, kachitsulo ka pamwamba kanayamba kuvina, tsss tsss tsss, ine ndinatulutsa ana onse panja n'kumasuzumira pakhomo ngati muli njoka. Mphindi 25 nyemba zapsa, zofewa mpaka msuzi wake wolemera. Ndikumugwiritsabe ntchito koma mtima sunakhazikike, akayamba kulira ine ndimapeza chochita panja.

Tsopano pulaimasi.

Ndinadikira Loweruka loti bambo a Tadala ali ku ntchito chifukwa sindinkafuna wondiseka. Ndinagula palafini malita awiri pa spaza, kagolosale ka m'dera mwathu, ndi sipiliti wa pepo uja wa m'botolo. Ndinaipukuta kaye, inawala ndithu, kenako ndinathira palafini. Ndinkakumbuka zinthu ziwiri zokha kuchokera pazenera paja, kuti agogo ankapopa ndiponso kuti inkabangula. Nde ndinapopa. Pampu inali yopepuka ngati ndikupopa mphepo, palibe chikuchitika. Nditaimasula ndinapeza kumapeto kwake kuli kachikopa kooneka ngati kachipewa, kouma gwa, kofanana ndi ka m'pampu ya njinga. Ndinakaviika m'mafuta ophikira ola lathunthu, kukatambasula ndi chala pang'onopang'ono, kubwezera, apa tsopano pampu inayamba kulimba. Ndinadzimva ukatswiri. Ndinapopa kakhumi, n'kukhwatcha machesi.

Abale inu. Palafini anatumphuka ngati kasupe, lawi lachikasu linakwera mpaka kufuna kunyambita siling'i, utsi wakuda bii, ine kukuwa mayooo, nsidze ya kumanja inapita pomwepo. Mwamwayi dzanja linakumbuka lokha kakiyi ka pambali pa thanki kamene agogo ankapotokola pozimitsa, nditakamasula mpweya unatuluka fyuu moto n'kugwa. Mayi a Mphatso a chipinda choyandikana nafe, a ku Mangochi, anathamangira ndi ndowa ya madzi, mwamwayi sanathire chifukwa palafini woyaka ukamuthira madzi amangoyandama n'kumwazika. Akuti asisi mukufuna mutiotchere nyumba ya eni? Mwaye uli pasiling'i mpaka lero, ndaupukuta kawiri, landilodi sanauonebe ndipo amene mukuwerenga musakamuuze.

Madzulo ndinaimbira amayi pa WhatsApp, vidiyo, kuti aone nsidze. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti iwe unkaonera pazenera koma sunkaona, pulaimasi sapopa isanatenthe. Nde anandiyendetsa okha pafoni, ine ndatulutsa zonse pakhonde, thaulo lonyowa lili pambali. Palafini asadzaze thanki, pasiyidwe malo a mpweya. Kakiyi kakhale kotsegula. Tenga singano yake, inalimo m'bokosi, kawaya kopyapyala ngati tsitsi kokhala pa kachitsulo kaphanthiphanthi, ubaye kabowo kotulukira moto kuti mwaye uchoke. Thira sipiliti m'kambale kali pansi pa mutu, yatsa sipilitiyo, ndiye khala pansi udikire, usagwire kanthu. Sipiliti amayaka mwakachetechete moti masana lawi lake silioneka n'komwe. Akamatsala pang'ono kuzima, tseka kakiyi, popa katatu kapena kanayi basi.

Inayamba ndi kutsokomola, pu pu pu, kenako inagwira. Lawi labuluu, lozungulira, lopanda utsi ngakhale pang'ono, ndi mkokomo uja ngati ndege ikunyamuka pa Chileka. Nzeru yake ndi yoti mutu ukatentha, palafini akamakwera m'timapaipi amasanduka mpweya asanatuluke, ndiye chimene chimayaka ndi mpweyawo wosakanikirana ndi mphepo, pamene ine poyamba paja ndinkayatsa palafini wamadzi. Amene anaipanga ndi munthu wa ku Sweden, Frans Lindqvist, mu 1892, ndipo Roald Amundsen popita ku South Pole mu 1911 ananyamula yotere kuti azisungunulira madzi oundana. Kuchokera kumeneko mpaka pa kabati ya agogo ku Balaka, chitsulochi chayenda kuposa ine.

Amayi pafoni anangoti zii. Ndinayesa netiweki yadula. Kenako akuti isiye ilire pang'ono, usaike poto. Tinakhala choncho mwina mphindi ziwiri, bandulo ikutha, tikumvetsera sitovu. Atatero anandiuza zimene sindinkadziwa, kuti ya agogo ija inatengedwa ndi achibale akuchimuna pa maliro, pamodzi ndi njinga ndi wayilesi, agogo aakazi anangotsala ndi singano yake m'kachitini ka mabatani. Nkhani imeneyi sanaitchulepo zaka zonsezi.

Ketulo yodzaza inawira msanga kuposa pa sitovu yanga ya mapuleti awiri, ndipo nsima ndinaphikapo Lamulungu, inapsa bwino koma umafunika wina akugwirire poto chifukwa miyendo itatu ija siinapangidwire mthiko wa munthu wa ku Balaka. Chaka cha 2023 chija magetsi ankangozimazima pafupifupi tsiku lililonse, mpaka kufika pa siteji 6 yozimitsa maola ambiri pa tsiku, tikudya buledi ndi madzi a shuga, ikanakhalapo bwenzi ndili mfumukazi pa yadi pano. Koma ndinene zoona, ya m'nyumba yotseka mawindo si imeneyi, ndipo pamene pali ana aang'ono palafini ndi woopsa, tonse timamva za moto wa m'mashaki nyengo yozizira ino ikafika, komanso ana kumwa palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa. Wanga ndimasunga pamwamba, m'chigubu cholembedwa. Phokoso lakenso simungakambirane nkhani, mayi a Mphatso akuti akaimva amadziwa kuti tiyi wapsa, amabwera ndi kapu yawo.

Koma chimene chasintha moyo wanga pa zonsezi si pulaimasi, ndi chimene ndinkachiona ngati chopanda ntchito, chopukusira nyama chija.

Nyama yopukusa ine ndimagula kale yopukusidwa, nde chinakhala pansi pa bedi masabata awiri. Tsiku lina kunafika katundu wa kumudzi pa basi, wadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, masiku awiri panjira, muli ufa woyera, usipa, mfutso ndi mtedza wa Chalimbana ndowa imodzi. Aliyense wokhala kuno akudziwa vuto la nsinjiro. Mtondo waung'ono ndinali nawo poyamba tikukhala m'fulati ku Yeoville, ndinangosinja kawiri, wokhala pansi pathu anabwera kudzagogoda kuti mukugumula nyumba kodi, kenako kalata ya keyateka. Bulenda ndinayesa, imathamanga kwambiri, mtedza umatentha n'kutulutsa mafuta, m'malo mwa nsinjiro umapeza chiphalaphala chomata pansi, ina mpaka inapsa mota. Pinati bata wa m'botolo anthu amathira ndithu mu ndiwo koma tisanamizane, uja ndi mtedza wokazinga, wina wothira shuga, nkhwani zake zimakoma ngati ukudya sangweji.

Nde ndinachitulutsa. Choyamba ndi pochimangirira, chili ndi chomangira cha sikuluwu pansi chofuna mlomo wa tebulo, koma makabati a masiku ano alibe mlomo wotero, ndinamaliza ndamangirira pa benchi ya panja, n'kuika kakatoni kuti isadinde. Mkati muli chitsulo chopotana ngati nyanga, kampeni ka nsonga zinayi, kambale ka mabowo, ndi mkombero womangira. Ulendo woyamba kampeni ndinakaika chagada, mtedza unkangofinyika osatuluka, dzanja kuwawa. Mbali yosalala ya kampeni ndi imene imayang'ana kambale ka mabowo, zikhudzane. Ndinayamba ndapukusamo buledi wouma kuti atenge dzimbiri ndi mafuta akale, anatuluka wotuwa, wachiwiri anatuluka woyera.

Kenako mtedza wauwisi, wouma bwino, ndinauanika kaye padzuwa tsiku lonse. Dzanja limodzi lodzaza, kupukusa pang'onopang'ono osathamanga, ndi kambale ka mabowo aakulu. Unayamba kugwa m'beseni ngati mchenga wonyowa pang'ono, fungo lija la pamtondo lenileni. Ndinasefa, zotsala pa sefa n'kubwezeramo pamodzi ndi supuni ya ufa kuti zisamatane, monga amachitira amayi mtedza ukayamba mafuta mumtondo. Mphindi khumi ndi zisanu ndinali ndi nsinjiro zodzaza botolo la Consol, zoyera, zoyoyoka, popanda phokoso, popanda yuniti ngakhale imodzi. Usiku umenewo tinadya mfutso wotendera ndi nsima ya ufa woyera, bambo a Tadala sanayankhule mpaka mbale inayera, pomaliza akuti amake Tadala, zitsulo zija kulibenso zina kwa madamu?

Ukaika kambale ka mabowo aang'ono ndi mtedza wokazinga, n'kubwereza katatu, chimatuluka chiponde. Tayesanso chimera cha mapira cha thobwa, chimaphwanya ndithu ngakhale umafunika kusefa kambiri, pamenepo chigayo sichingapikisane nacho.

Madamu nditawaonetsa chithunzi anadabwa, akuti mayi awo ankapukusira nyama yotsala ya Lamulungu kuti Lolemba apange chakudya china, za mtedza sanaganizepo. Anafunsanso ngati kwathu mtondo ndi chinthu chakale chimene anthu anasiya. Ndinaseka, ndinati madamu, panopa tikuyankhula pano amayi anga mwina ali pamtondo. Chakale n'chimene chili m'galaja, chathu chija chidakali pa ntchito, kungoti ku Joni kuno chilibe pokhala.

Pano vuto ndi loti mbiri yawanda. Ndinalakwitsa kutengera nkhwani zotendera ku chinkhoswe cha mwana wa a tcheya a mpingo wathu ku Turffontein, azimayi kufunsa nsinjiro mwazipeza kuti, mayi a Mphatso n'kuulula. Lero chopukusira chili kwa alamu anga ku Mayfair, chikachoka kumeneko chikupita kwa amayi busa, pali mndandanda pa gulu la WhatsApp ngati wa chipereganyu. Ndaika lamulo, osachiviika m'madzi usiku, kutsuka, kuumitsa, kupaka timafuta, ndipo kampeni kakatayika musabwerenso kwathu. Wobwereka aliyense amabweza ndi kapu imodzi ya nsinjiro, moti mtedza wanga wa Chalimbana sindinaukhudzenso.

Pulaimasi ndiye yapeza kale mwini. Amayi akuti ndibwere nayo pa Disembala, malo pamwamba pa kabati akonza kale, singano ndisavutike ali nayo ija ya m'kachitini. Angonditsindika kuti ndikhuthule palafini yense ndi kuisiya chotsegula sabata yathunthu, isadzanunkhitse shuga m'chikwama.